Kubayibitsa Lendi

Alamu anga amene amakhala ku Leicester anandiimbira foni pakati pa usiku, nthawi imene munthu wabwinobwino amaimba pokhapokha kukagwa zovuta.

"Alamu, kwagwanji?"

"Alandilodi andilembera kalata. Akuti andibayibitsa."

"Akukutulutsani m'nyumba?"

"Ndiye ndikufunsa inu ophunziranu. Ndinachedwa ndi lendi masabata atatu, ndipo pangano limati ukachedwa pali kachindapusa. Pano akuti kachindapusako achita wevu. Ine katundu ndayamba kale kumanga."

Ndinawapempha kuti anditchulire liwulo chilembo chimodzichimodzi. Anatero: w, a, i, v, e.

"Masulani katunduyo, alamu. Ka i kali pakatiko kakupulumutsani."

Chingerezi chili ndi mawu awiri amene khutu silingawalekanitse. Wave ndi kugwedeza dzanja, monga timachitira pa depoti basi ikamanyamuka. Waive ndi kusiya dala chinthu chimene pangano likukupatsa, ukudziwa bwino lomwe kuti ndi chako. Alandilodi anali ndi ufulu wolandira chindapusa, ankaudziwa, koma anati basi chikhale. Komabe alamu sanaphonye kwenikweni. Wochita waive amakhala wabayibitsa chinthu chake, ndipo nthawi zina basiyo sibwereranso.

Musati izi ndi za ku Leicester zokha. Malamulo a mapangano amene makhoti athu amayendera muzu wake uli ku England. Tinawalandira mu 1902, dziko lino likutchedwa British Central Africa, ndipo mpaka lero ophunzira zamalamulo ku Zomba amatsamira milandu ya ku London pogona. Tiyeni tiwatsomphole ingapo, ifenso tisekeko.

Liwu lobadwira m'manja mwa wakuba

Liwuli linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha Anormani, amene analanda England mu 1066 n'kusiya chilankhulo chawo m'makhoti kwa zaka mazanamazana. Linkatanthauza kutaya. Mbale wake ndi waif. Kalelo wakuba akamathawa, anthu ali m'mbuyo, n'kuponya pansi katundu kuti apepukidwe, katunduyo ankatchedwa waif ndipo ankakhala wa mfumu. Wa mfumu, osati wa mwini wake. Mwini wake ankamupezanso pokhapokha ngati anachita khama kuthamangitsa wakubayo. Tangoganizani: akuberani mbuzi, wakuba waitaya pamphambano, inu mwaima pang'ono kuti mukokeko mpweya, mukamadzuka mfumu yafika kale ndi chingwe.

Akazi nawo anali ndi gawo lawo. Mwamuna wothawa mlandu ankachotsedwa m'chitetezo cha malamulo. Mkazi, akuti, sangachotsedwe m'nyumba imene sanalowemo, pakuti sankalumbiritsidwa monga amuna. Ndiye iyeyo ankangomuchita waive. Mavuto ake anali omwewo, chosiyana ndi dzina lokha. Maloya akhala akudyera kusiyana kwa mtundu umenewu kuyambira nthawi imeneyo.

Rolls-Royce ndi suti yanga

Mu 1947 bambo wina dzina lake Oppenhaim anaitanitsa Rolls-Royce ku kampani ya Charles Rickards. Masiku amenewo galimoto yotere unkagula injini ndi mafupa ake, bodi n'kukapangitsa padera, monga timagulira nsalu n'kupita nayo kwa telala. Anagwirizana miyezi 6, ikachulukitsa 7. Marichi 1948 anafika, galimoto kulibe.

Oppenhaim sanathetse pangano. Ankangofunsa kuti itha liti, iwo n'kumamuuza kuti posachedwa. Pakufunsafunsa pomwepo, mwa malamulo, tsiku lija anali atalibayibitsa. Kumapeto kwa Juni mtima unamukwana, ndipo analemba kalata: masabata 4, ikapanda kutha musadzabwere nayo. Inatha mu Okutobala. Anaikana. Kampani inathamangira kukhoti ikuti, kodi si inu nomwe munkadikira mwaulemu?

Khoti la apilo mu 1950 linati inde ankadikira, koma kudikira si ukapolo. Amene walekerera tsiku angathe kuikanso lina, bola anene momveka ndi kupereka nthawi yokwanira. Oppenhaim anawina, kampani inatsala ndi bodi ya Rolls-Royce yosokedwa pa muyezo wa munthu wina.

Nzeru imeneyi ndinakaiyesa kwa telala wanga wa pakhonde la sitolo. Inali suti ya ukwati wa mwana wa achemwali. Anandiuza Lachisanu. Lachisanu linabwera kasanu, suti osabwera. Ndinawalembera kalata ya masabata 4, nkhani ya Oppenhaim ndinaifotokozamo yonse. Anaiwerenga mofatsa, magalasi ali pamphuno, kenako anaitembenuza n'kujambulapo patani ya kolala.

"Bwana, a Openiwo anali ndi Rolls-Royce. Inu muli ndi mamita atatu a nsalu, ndipo ya ulusi simunamalize."

Suti inatha ndithu. Ndinaivala pa ubatizo wa mwana woyamba wa banja lija.

Kalata imene kalaliki sanaione

Pa nkhani ya nyumba za lendi, malamulo a ku England ali ndi msampha umene wagwira eni nyumba ambiri. Wochita lendi akaswa pangano, mwini nyumba amakhala pamphambano: athetse panganolo, kapena apitirize kulandira lendi. Zonse ziwiri sizitheka, mapanga awiri avumbwitsa. Akangopempha lendi ya m'tsogolo akudziwa za mlanduwo, ndiye kuti wasankha, ndipo ufulu wothetsa pangano pa mlandu umenewo wapita.

Mu 1972 khoti la apilo linaweruza mlandu wa Central Estates ndi Woolgar. Bambo wochita lendi ku London anapezeka wolakwa kukhoti chifukwa nyumbayo anaisandutsa malo a zachiwerewere. Eni nyumba anati uyu atuluke. Ofesi yowatolerera lendi inalemba kalata kwa antchito ake onse: kwa bambo uyu musapemphe lendi, ndipo akabweretsa musalandire. Kalatayo inazungulira ofesi yonse kupatula tebulo limodzi, la kalaliki amene ntchito yake inali yotumiza makalata a lendi. Mwana wa eni ake anagwira ntchito yake mokhulupirika. Anatumiza kalata, ndalama inabwera, analemba lisiti.

Eni nyumba anauza khoti kuti mumtima mwawo sanafune kukhululuka, ndipo bamboyo ankadziwa zimenezo. Khoti linati ife mitima sitiwerenga, timawerenga malisiti. Bamboyo anakhalabe m'nyumba.

Mukadzamva wina akunyoza kalaliki kuti ndi munthu wamng'ono pa ofesi, mudzamuuze kuti ku London wina anagonjetsa mabwana ake onse ndi sitampa imodzi, iye mwini osadziwa kuti kuli nkhondo.

Lendi ya nthawi ya mabomba

Mu 1937 kampani ya High Trees House inatenga mdadada wa mafulati ku Clapham, ku London, pa lendi ya mapaundi 2,500 pachaka, kuti izibwereketsa kwa anthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba anthu anathawa mumzinda, mafulati ambiri anatsala opanda munthu. Mu Januwale 1940 eni mdadada analemba kuti muzingolipira theka, mapaundi 1,250. Anaiwala kanthu kamodzi kakang'ono: mpaka liti.

Pofika 1945 mafulati anadzazanso, koma High Trees inapitiriza kulipira theka ngati kuti mabomba akugwabe. Nkhani inafika pamaso pa woweruza Denning mu 1946. Iye anati lendi yathunthu ibwerere, pakuti lonjezo lija linali la nthawi ya mavuto, ndipo mavuto atha. Koma anawonjeza mawu amene anagwedeza malamulo a mapangano: eni mdadada akanafuna kulondola theka la zaka zonse za nkhondo, sakanalipeza. Ukalonjeza kuti sudzafunsa, mnzako n'kudalira lonjezolo, sungadzuke mawa ndi kabuku.

Tonse tili naye wachibale wa mtundu wa High Trees. Anabwera chaka cha njala kuti akhaleko mpaka chimanga chipse. Chimanga chapsa kasanu ndi kawiri, iye ndiye amasunga limoti ya TV. Kulakwa si kwake. Amene anati "khalani, pano ndi panu" osatchula mwezi ndi inuyo.

Denning ameneyu ndi yemwe anadzaweruzanso nawo mlandu wa Rolls-Royce ndi wa kalaliki uja. Anabadwa mu 1899 n'kumwalira mu 1999. Nayonso imfa inamulekerera zaka 100, kenako inakumbukira nkhani ya Oppenhaim.

Bweretsani kabawi

Tsopano gwirani mpando. Mukanena kwa wangongole wanu kuti "ingondipatsani theka, zinazo zikhale," kodi mwakhululuka? Malamulo akale a ku England amati ayi. Lonjezo limamanga munthu pokhapokha ngati walandirapo kanthu kosinthana nalo, ndipo theka la ndalama yanu yomwe si kanthu katsopano.

Mfundoyi inakhazikika mu 1602 pa mlandu wa Pinnel. Oweruza anati ndalama yochepa singafafanize ngongole yaikulu pa tsiku lolipira. Koma mwini ngongole akavomera kulandira hatchi, kabawi kapena mkanjo m'malo mwake, ngongole yatha, chifukwa khoti silingadziwe kuti kabawiyo amamukonda bwanji. Ndiye kuti pa ngongole ya K100,000, kubweza K99,000 sikukumasulani, koma mbalame yodya anapiye ingathe.

Mu 1884 nkhani yomweyi inafika ku House of Lords. Dokotala Foakes anali ndi ngongole ya mapaundi 2,090 ndi mashiling'i 19 kwa mayi Beer, yogamulidwa ndi khoti. Anagwirizana kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo mayiwo sadzachitanso kanthu. Dokotala anabweza yonse, osatsala ndi khobidi. Atangopuma, mayi Beer anatambasulanso dzanja: nanga chiwongoladzanja? Anawina. Dokotala wathunthu, wophunzira, kugwa chifukwa chosowa kabawi.

Lamuloli likuoneka louma mtima, koma tsiku lina linapulumutsa amisiri awiri. Kampani yawo yaing'ono, D & C Builders, inagwira ntchito kwa banja la a Rees ndipo inatsala ikuitanitsa mapaundi 482. Mayi Rees, podziwa kuti amisiriwo ali pakamwa pa kugwa, anati landirani 300 mutseke nkhani, apo ayi simuona kanthu. Iwo anakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, analandira, kenako anapita kukhoti kukafuna yotsalayo. Khoti la apilo, Denning yemwe uja ali pampando, linawapatsa. Chikhululuko chochita kufinya pakhosi si chikhululuko.

Ngongole mawa

Maloya ataona kuti makasitomala awo akutaya ufulu chifukwa cha ulemu ndi ulesi, anapeka mankhwala. Pafupi ndi mapeto a pangano lililonse lalikulu mupeza ndime yonena kuti kuchedwa kapena kulephera kugwiritsa ntchito ufulu sikutanthauza kuti ufuluwo wasiyidwa. Ndi chithumwa cha m'chiuno mwa kontirakiti.

Post Office ya ku Britain inali nacho chithumwachi m'pangano lake ndi kampani ya Tele2, la makadi oimbira foni. Tele2 inalephera kupereka makalata a chikole pa nthawi yake, zimene zinapatsa Post Office ufulu wothetsa pangano. Post Office inaona, inakhala chete, inapitiriza malonda pafupifupi chaka chathunthu. Kenako inadzuka n'kuti tathetsa, chifukwa cha makalata aja. Khoti la apilo mu 2009 linati mwachedwa: chaka chonse mukugulitsa makadi, zochita zanu zinasankha kale kupitiriza. Zengerezu adalinda kwawukwawu, chithumwa chili m'chiuno.

Wa golosale kwathu ali ndi chithumwa chake. Pamwamba pa shelefu anapachika chikwangwani cha zilembo zofiira: ngongole mawa. Pansi pa chikwangwani chomwecho pali kabuku ka masamba 96 kodzaza ndi mayina athu. Tsiku lina anandikaniza shuga akuloza chikwangwanicho. Ine ndinaloza kabuku. Tinayang'anizana kwa kanthawi, kenako anatsegula tsamba latsopano.

Koma musatengeke n'kuyesa kuti zolembedwa zilibe mano. Kampani ya Rock Advertising inkachita lendi maofesi ku London, ndipo inatsalira ndi mapaundi oposa 12,000. Mkulu wake anaimbira foni wogwira ntchito wa eni maofesiwo, nagwirizana pakamwa za kabwezedwe katsopano. Pangano lawo linkati kusintha kulikonse kulembedwe ndi kusayinidwa. Eni maofesi anakhoma zitseko. Mu 2018 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linati anachita bwino: munagwirizana nokha kuti pakamwa sipagwira ntchito, ndiye pakamwa sipanagwire ntchito.

Choncho amene ali ndi ufulu asagone, ndipo amene wachitiridwa chifundo asachoke wopanda pepala. "Tinamvana pa foni" ndi mawu amene amayamba nkhani zambiri zothera pa loko watsopano.

Mizimu 7,500

Pa 1 Epulo 2010, tsiku lopusitsana, sitolo ya ku Britain yogulitsa magemu a pakompyuta, GameStation, inabisa ndime m'malamulo a ogula pa intaneti. Ndimeyo inkati aliyense wogula lero wapereka mzimu wake ku kampaniyi mpaka muyaya. Panali kabokosi kokanira, ndipo wokana ankalandira kuponi ya mapaundi 5. Anthu pafupifupi 7,500 anadina kuvomera osawerenga.

Kampaniyo inalengeza kuti mizimuyo siifuna, eni ake aitenge. M'mbiri yonse ya liwu lathuli, ndikukayika ngati panachitikapo waive yaikulu kuposa imeneyi. Abusa ena amatuluka thukuta chaka chonse kuti apeze mizimu khumi. Awa anapeza 7,500 tsiku limodzi, n'kuibweza chifukwa chosowa poisunga.

Nthabwala ili apo, zilipo zinthu zimene siginecha singagulitse. Ku Britain, kuyambira ndi lamulo la 1977, wabizinesi sangadzitchinjirize ndi pepala pa imfa kapena kuvulala kobwera chifukwa cha kusasamala kwake. Angakusayinitseni fomu ya masamba khumi musanakwere chingwe chawo, koma chingwecho chikaduka chifukwa sanachiyang'ane, fomuyo ndi yoyatsira mbaula.

Alamu amvetsa phunziro

Ife Amalawi tinaleredwa ndi mawu okoma. "Musadandaule." "Palibe kanthu." "Mudzabweza mukapeza." "Aa, zisiyeni, ndife amodzi." Timawanena pakamwa, mumtima tikuwerengera. Mwa zonse ndafotokozazi phunziro ndi limodzi: chifundo chitani, koma muzichipatsa tsiku lothera, ndipo muzilitchula mokweza. Chifundo chinapha nkhwali chifukwa nkhwaliyo sinanene kuti njoka itsike liti.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu pa foni, mayunitsi anga omwe. Patatha sabata anaimbanso, ulendo uno masana, mawu ali osalala ngati a loya.

"Alamu, phunziro lija ndalimvetsa. Ndiye ndimati tikambeko za ndalama ija munandibwereka ya tikiti ya ndege."

"Eya, mwakumbuka! Mutumiza liti?"

"Ndi pomwepo. Zaka zinayi simunafunse. Khirisimasi yapitayi ndinaitchula, inu munati zisiyeni. Panali mboni, apongozi anu omwe. Ine ndikuona ngati munachita ka i kaja."

Ndinakhala tsonga. "Alamu, imeneyo ndi High Trees. Ndinanena muli pa ulova. Pano mukugwira ntchito, nkhondo inatha, mafulati adzaza. Ndipo monga Oppenhaim, ndikukupatsani masabata 4."

Anakhala chete, kenako anati amva.

Loweruka lotsatira ndinabwera kunyumba madzulo n'kulandiridwa ndi fungo labwino kuyambira kugeti. Patebulo panali nkhuku ya lokolo, yofiirira bwino, nthuli zake zazikulu. Ndinadya ntchafu, ndinadya chiwindi, ndinapempha msuzi wina. Ndikusamba m'manja ndi pamene ndinafunsa kuti kodi nkhukuyi yachokera kuti pakati pa mwezi chonchi.

"Amayi anatuma mwana," anatero mayi a kunyumba. "Akuti achimwene anaimba kuchokera ku Leicester kuti akupatseni tambala m'malo mwa zija mukudziwa. Ndawalembera kale uthenga kuti talandira, zikomo."

Kabawi wa Pinnel anali m'mimba mwanga, lisiti la kalaliki linali litapita. Ndinatsegula WhatsApp kuti ndichite apilo, ndipo ndinapeza alamu ayankha kale. Sanalembe liwu ngakhale limodzi. Anangotumiza kachithunzi ka dzanja likugwedezeka.